Sikiroloba ya Abale Osalankhulana

Ilango anakwatira mwana wa abwana ake, ndipo kuyambira tsikulo analibe kothawira. M'mawa ankadya nawo patebulo limodzi, kenako n'kuwayendetsa pa galimoto kupita ku ofesi, madzulo n'kubwerera nawo kunyumba komweko, chifukwa chipinda chimene ankagona ndi mkazi wake Kumudha chinali choyang'anizana ndi cha apongozi. Akangotsokomola, apongozi aakazi ankabwera ndi madzi otentha a tsabola asanawapemphe. Anthu a mumzinda wawo wa Coimbatore ankati mnyamatayo ali ndi mwayi. Iye ankangomwetulira, poti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma mumtima ankalakalaka khomo lakelake, loti akalitseka pasapezeke wogogoda.

Kampaniyo inali ya abale awiri, a Nachimuthu, omwe anali apongozi akewo, ndi ang'ono awo a Chenniappan. Ankapanga pulogalamu ya pakompyuta imene mafakitale opota ulusi ankaonerapo mabelo a thonje amene alowa ndi ulusi umene watuluka. Abalewo sankalankhulana. Ena ankati chinawadanitsa ndi chitsime cha kumunda, ena ankati ndi mpando pa ukwati wina, koma mwina eni akewo ankangokumbukira kuti anakwiyirana basi. Zipinda zawo zinali zoyang'anizana, pakati pali kanjira, ndipo desiki ya Ilango inali m'kanjiramo.

"Mkamwini, kawauzeni bambo anu aang'onowo kuti fani yawo ikusokosera," ankatero a Nachimuthu, chitseko chili pululu.

"Mkamwini, kawauzeni achimwene kuti fani ndi yanga, makutu ndi awo," ankayankha a Chenniappan asanadzuke n'komwe Ilango.

Koma iye ankadzukabe, n'kukanena mawu amene aliyense wawamva kale, atawachotsa minga.

Ntchito yake yeniyeni inali yokonza maonekedwe a pulogalamu yatsopano, ndipo zonse zinali zitatha kupatula kanthu kamodzi. Kanthuko ndi sikiroloba, kamzere kaja ka m'mphepete mwa sikirini, kamene kali ndi kabokosi kogwira ndi mausi n'kukokera pansi kapena m'mwamba kuti munthu aone zimene zili kumunsi kwa tsamba. Funso linali limodzi. Munthu akamakoka kabokosiko, dzanja n'kuterereka, mausi n'kupita kutali ndi kamzereko, kabokosi katani? Kabwerere pamene kanali poyamba, kapena kazitsatirabe dzanja?

A Nachimuthu ankati kabwerere. "Kalaliki ali pakati pa mabelo ambirimbiri, akufuna kungosuzumira pamwamba. Akatha, akankhire mausi kumbali, abwerere pamalo pake. Munthu asamataye malo ake, mkamwini. Makompyuta aulemu onse amatero."

A Chenniappan ankati katsatire. "Achimwene anasiya liti kulowa m'fakitale? Muli fumbi la thonje lokhalokha, mausi imaterera ngati sopo. Munthu watsika mpaka pansi, dzanja langopatuka pang'ono, kanthu kaja kalumphira kumene kanachokera. Tsiku lina wina adzaponya kompyuta pawindo."

Choipa chake n'chakuti onse ankanena zoona. Akanakhala kuti wina akulakwa, Ilango akanadziwa womunamiza. Anayesa kunena kuti aike poti wogwiritsa ntchito azisankha yekha. A Nachimuthu anati wophika amene amafunsa alendo kuchuluka kwa mchere sadziwa kuphika. A Chenniappan anavomera za Ilango msanga, kenako anafunsa kuti nanga munthu asanasankhe kazikhala kotani, ndipo nkhani inabwerera pomwe inayambira.

Ndiye panabwera nkhani ya ku Chennai, mzinda waukulu wakutali. A Chenniappan ankatsegula kaofesi kumeneko ndipo ankafuna munthu wokakayendetsa. Anamuitana Ilango, n'kutseka chitseko.

"Pulogalamu ikatuluka kabokosi kakutsatira dzanja, mpando wa ku Chennai ndi wanu. Nyumba ndaiona kale, kachipinda ndi khitchini, pafupi ndi sitima."

Koma mpando wokha sukanakwanira, chifukwa Kumudha sakanatuluka m'nyumba ya bambo ake popanda mawu awo. Ilango anadikira tsiku limene a Nachimuthu anadya bwino, n'kuyamba kuzungulirazungulira mpaka anafika pa Chennai. Madalawo anapukuta m'manja pang'onopang'ono.

"Ndimalizireni kabokosi kanga, kazibwerera. Mukatero tengani mkazi wanu, mupite kumene mukufuna. Sindimanga munthu ine."

Mapanga awiri avumbwitsa, koma munthu amene akufunitsitsa kuchoka samva miyambi. Ilango analemba mizere yochepa m'kati mwa pulogalamu, yoti iziyamba yafunsa dzina la kompyuta imene yatsegulidwapo. Ikakhala ya a Nachimuthu, kabokosi kabwerere. Ikakhala ina iliyonse, katsatire. Mafakitale akanalandira kotsatira, poti a Nachimuthu mawondo anawaletsa kuyendera makasitomala. Anaonetsa aliyense m'chipinda chake, ndipo aliyense anamusisita pamsana n'kuyang'ana chitseko cha mnzake monyada. Anthu osalankhulana safananitsa zinthu.

Amene ankadziwa anali Dhanapal yekha, mnzake woyesa mapulogalamu, munthu wa pakamwa posatseka.

"Anzako amabwera ndi ng'ombe, iwe wabwera ndi mitala," anatero akumwa tiyi pa kagolosale ka pakona. "Akazi awiri, aliyense akuti ndine ndekha. Ukadzagwidwa usadzanditchule, ine ndili ndi ana."

"Ingotseka pakamwa mpaka chikondwerero chidutse."

"Pakamwa panga m'potseka, achimwene. Koma undigulire vada ina, kachitumbuwa kaja, kuti patsekeke bwino."

Pulogalamu yatsopano inayenera kutuluka tsiku lotsatira chikondwererocho, cha Ayudha Puja, monga ankachitira chaka chilichonse. Pa Ayudha Puja zida zonse zogwirira ntchito zimatsukidwa, kudalitsidwa, n'kusiyidwa kuti zipume, ndipo palibe amazikhudza mpaka m'mawa mwake, pamene mwini wake amazigwira koyamba pamaso pa anthu. Ilango anali ataliona tsikuli kambirimbiri. Chaka chimenechi analiyembekezera ngati mkaidi woyembekezera chikhululuko, ndipo sanaganizepo zoti makompyuta amanyamulidwa.

Anawanyamuladi. Pofika m'mawa wa tsikulo, pakhomo la ofesi anali atamangapo timitengo ta nthochi, ndipo apongozi aakazi anali atalanda ulamuliro wonse. Makompyuta anawachotsa m'zipinda n'kuwandandalika patebulo lalitali la m'chipinda chochezera alendo, a abale awiri aja pakati, wina kumanja, wina kumanzere. Makompyuta awiriwo anali ofanana ngati mapasa. Anagulidwa tsiku limodzi, chifukwa palibe akanalola kuti mnzake akhale ndi yoposa yake, ndipo pa sikirini zonse ziwiri panali chithunzi chimodzimodzi cha malemu mayi awo. Chosiyanitsa chinali kapepala komata ka shopu yokonza makompyuta, kamene kanali pa ya a Nachimuthu. Apongozi aakazi anakaona kuti n'kauve, anakakanda ndi chikhadabo, n'kupukutapo ndi nsanza yonyowa.

Ilango anatumidwa kukagula maluwa ndi dzungu loyera loswera pageti. Pobwera anapeza zonse zitatha. Sikirini iliyonse inali ndi madontho a phala lonunkhira la mtengo wa sandalo ndi ufa wofiira, nkhata ya maluwa achikasu ili lende, lubani akufuka. Anayamba kuyika maluwa otsalawo, ndipo ali choweramira kuseri kwa tebulo anaona ulimbo wa kapepala kaja, kamzere kotuwa kamene nsanza inakasiya. Kanali pa kompyuta ya kumanzere. Kumanja n'kumene kumakhala wamkulu, ndipo mpando wa a Nachimuthu, wa khushoni uja, unali utayikidwa kale kumanjako.

 Anatambasula dzanja kuti angokoka chingwe, koma apongozi aakazi anali pambuyo pake.

"Mkamwini, zida zagona. Mwaiwala?"

"Amayi, ndimati ndiwongole pang'ono, zikuoneka ngati zasinthana malo."

"Zasinthana bwanji poti n'zofanana? Chotsani dzanja. Chaka chija wina anakhudza makina atadalitsidwa kale, munaona mmene mvula inalowera m'nyumba muno."

Wansembe anayamba mapemphero, belu likulira, ndipo Ilango anaima pakati pa abale awiriwo manja ali pachifuwa, maso ali pa chingwe. Anthu anamuona ngati wopemphera kwambiri tsikulo. Atagawa mpunga wotutumuka wosakaniza ndi shuga wa nzimbe, dzungu litaswedwa pageti, a Nachimuthu anakhoma chitseko, akazi awo n'kumangirira kiyi pa ngodya ya nsalu yawo ya m'chiuno.

Kumudha anamva nkhaniyi madzulo, ali padenga lathyathyathya la nyumba yawo akuanula zovala. Atagwira malaya a bambo ake, anaseka kuseka kosakoma.

"Ndiye mukuti munanamiza bambo, munanamizanso bambo aang'ono, koma ine simunandiuze? Ine ndimayesa mwawagonjetsa ndi nzeru."

"Ndinkafuna tichoke, Kumudha."

"Inu mukufuna kuchoka? Inu munabwera dzulodzuloli. Ine ndinabadwira m'nyumba muno. Sindinaphikepo ndiwo popanda amayi kulawa n'kuwonjezera mchere." Anapinda malaya aja mwaukali. "Dikirani pano."

Anatsika. Ilango anamumva akuuza mayi ake kuti ndolo yake yagwera ku ofesi, ndipo akufuna kiyi kuti akaifune ndi mwamuna wake. Anamvanso yankho lake. Ndolo ikagwera pamalo odalitsidwa ndiye kuti ili pabwino, aipeza mawa, ndipo ngati mtima sukumupatsa mtendere apita onse atatu, amayi atenga tochi. Kumudha anakweranso masitepe pang'onopang'ono.

"Akuti apita nafe."

Anakhala pa kakhoma ka padengapo. Ilango anaganiza zokagwada kwa apongozi n'kuulula, koma akanatero Kumudha sakanatuluka m'nyumbamo. Anaganiza zokauza a Chenniappan, koma amenewo akanangomva kuti achimwene awo akhala akusangalala nthawi yonseyi, Chennai ikanathera pomwepo. Anaganizanso zodwala m'mawa mwake, n'kukumbukira madzi a tsabola. Mantha anamugwira kwambiri, ndipo anadzimvera chisoni poona kuti moyo wake wonse wapachikika pa kabokosi kochepa kuposa chikhadabo.

M'mawa mwake ofesi inadzaza. Kunabwera antchito, akazi awo, ndi achibale ovala nsalu zatsopano. Dhanapal atamva zimene zachitika anakaima pafupi ndi chitseko, nati mpweya wa m'katimo ukumuvuta. A Nachimuthu anakhala kumanja, a Chenniappan kumanzere, aliyense akuyang'ana kutsogolo ngati pambali pake palibe munthu. Ilango anayatsa makompyuta onse awiri, chithunzi cha mayi chinaonekera kawiri, ndipo anatsegula pulogalamu yatsopano.

Wamkulu ndiye amayamba. A Nachimuthu anasuntha maluwa pang'ono, anagwira mausi, anakokera kabokosi pansi, n'kutembenukira kwa anthu.

"Onani tsono mmene chinthu chaulemu chimachitira."

Anakankhira mausi kutali. Kabokosi sikanabwerere. Anayendetsa dzanja m'mwamba, kanakwera nawo, analitsitsa, kanatsika nawo. Anasiya, anapukuta dzanja pa nsalu, anayesanso. Kanawatsatirabe ngati kagalu.

A Chenniappan anali kumwetulira, poganiza kuti mkamwini wasankha mbali yawo poyera. Posafuna kuti mwayi uwadutse anagwira mausi yawo, anakoka, n'kupatutsa dzanja mokokomeza kuti aliyense aone. Kabokosi kanalumphira pamwamba pomwe kanachokera. Kumwetulira kuja kunazima.

 A Nachimuthu anatsegula pakamwa.

"Mkamwini, kawafunseni bambo anu aang'ono kuti..." Anaima. Anayang'ana sikirini ya mng'ono wawo nthawi yaitali, kenako anayang'ana mwini wakeyo. "Chenni, yakoyo ikutani?"

Apongozi aakazi anagwira pakamwa. A Chenniappan anayang'ananso sikirini yawo.

"Ikubwerera, achimwene. Yanuyo?"

"Ikunditsatira."

"M'chipinda mwanga imatsatira masiku onse."

"M'chipinda mwanga imabwerera."

Anadzuka onse, anasinthana mipando, anayesa, ndipo aliyense anapeza kabokosi kake kakumudikira. Sipanafunike wowafotokozera. Anatembenuka pamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba Ilango anaona kuti abalewo ali ndi maso ofanana.

"Yakhala ikuchita zimenezi kuyambira liti?" anafunsa a Chenniappan.

"Kuyambira pamene munandilonjeza za ku Chennai, bambo. Imayang'ana dzina la kompyuta." Ilango anawerama. "Ndalakwa. Chitani nane mmene mungafunire."

Atanena zimenezo anamva kupepuka kumene sanakuyembekezere. Amuchotsa ntchito, amuthamangitsa m'nyumba, achibale amunena mpaka chaka chamawa, koma wothamangitsidwa naye amatulukira pakhomo. Ntchito za makompyuta ku Chennai zilipo zambiri. Anayang'ana Kumudha, amene anaima ndi mbale ya maswiti, ndipo anaona kuti nayenso waganiza zomwezo. Mkaziyo anali atawongoka, maso akuwala.

A Nachimuthu anayamba kugwedezeka mapewa. Anthu anayesa ndi mkwiyo, koma kunali kuseka, kuseka kochokera m'mimba mpaka misozi.

"Chenni, ine miyezi yonseyi ndimagona tulo tokoma, ndimvekere ndamugonjetsa mwana uja."

"Inenso, achimwene. Mpaka shuga wanga anatsika."

"Ndiye palibe anagonja?"

"Palibe. Ndipo palibe anavutika."

Anaseka onse awiri, akumenyana pamapewa ngati anyamata, achibale nawo n'kuyamba kuseka mosadziwa bwino chimene akusekera. Apongozi aakazi ankalira poyera, akuthokoza mulungu amene wamva mapemphero awo pa tsiku lake lenileni. Anatenga switi m'mbale ya Kumudha n'kumuika Ilango m'kamwa ndi dzanja lawo.

"Nanga mafakitale alandira iti?" anafunsa a Nachimuthu akupukuta m'maso.

"N'zosavuta. Mafakitale amene munawapeza inu alandire yobwerera, amene ndinawapeza ine alandire yotsatira. Mkamwini akudziwa kachitidwe kake."

"Ndiye ngati zili choncho, mtundu wobiriwira uja umene unaukana ubwerere kwa anga."

"Kwa anga kukhale kotuwa. Ndipo zilembo zikhale zazing'ono, osati zanu zija zonga za pa chikwangwani cha basi."

"Posindikiza, dzina la fakitale likhale pakati."

"Kwa anga kumanzere."

Anapitiriza choncho, akukumba mikangano yonse imene anaikwirira zaka zambiri, aliyense akutenga mbali yake mosangalala ngati akugawana zovala za ukwati. Ilango anayesa kunena kuti imeneyo ikhala mapulogalamu awiri, ndipo chilichonse chatsopano chizifunika kupangidwa kawiri, kuyesedwa kawiri, mpaka kalekale. Switi inali itamata m'kamwa, ndipo palibe anamumva bwino.

"Koma Chenni," anatero a Nachimuthu, nkhope itabwerera m'malo, "munthu ngati uyu ungamutumize ku Chennai? Atisungire ziwirizi ndani?"

A Chenniappan anamuyang'ana Ilango mwachikondi chenicheni, ndipo chikondicho n'chimene chinamupweteka koposa.

"Zoona, achimwene. Uyu ndi mzati wa nyumba ino. Ku Chennai kupite Dhanapal."

Dhanapal, ali pachitseko paja, anatsegula pakamwa n'kupatsekanso. Ilango anati, "Bambo, munati simumanga munthu."

"Ndani wakumangani, mkamwini? Tikukukwezani. Kuyambira lero desiki yanu ichoke m'kanjira muja, mukhale ndi chipinda chanuchanu, pakati pa ife awiri." Anatembenukira kwa akazi awo. "Ndipo ana awa akupanikizika m'kachipinda kaja. Lero ndi tsiku loyamba zinthu. Itanani mmisiri, tiwamangire padenga kunyumba kuja."

Anthu anawomba m'manja. Azakhali ena anamugwira Ilango masaya n'kumuuza kuti zimene akuluakulu a banja analephera, iye wazitha ndi kabokosi. Iye anagwada n'kukhudza mapazi a apongozi, kenako a bambo aang'ono, monga kuyenera, ndipo onse anamudalitsa. Atadzuka anafunafuna Kumudha ndi maso, koma mbale ya maswiti inali patebulo, mwini wake atatuluka.

Mmisiri anabwera dzuwa lisanalowe, ndi tepi yoyezera komanso pensulo kukhutu. Abale awiriwo anakwera naye padenga, a Chenniappan atagwira mkono wa achimwene awo pa masitepe. Anayeza, anajambula ndi choko pansi, anagwirizana kuti masitepe atsopano azidzera pakhomo la chipinda cha makolo kuti ana asamavutike ndi mvula. Ilango anaima pambali atagwira nsonga ya tepi pamene anauzidwa kuti agwire. Kumudha anali pa kakhoma, akuyang'ana kumsewu kumene mabasi ankadutsa.

"Mayi, inu ndi amene muzikhalamo," anatero mmisiriyo mwaulemu. "Windo mukulifuna mbali iti?"

Kumudha sanatembenuke.

"Ikani awiri," anatero. "Lina la bambo, lina la bambo aang'ono."